Zipika za mu Mtsinje wa Azungu

Willie Chikaonda anali akukoka chipika chomaliza pamene galimoto ya a Abdulkader inaima pamlatho. Zala zinali zitachita dzanzi ndi chisanu cha Disembala, koma mtima unali mbee. Kamtsinje ka kalabu ya owedza nsomba, kunja kwa Leicester, kanali kuyenda mosakhumudwa ngati ngalande yatsopano.

Ntchitoyi anamupezera ndi a Abdulkader omwewo, mmwenye wobadwira ku Limbe yemwe anali mu komiti ya kalabuyo. Anamupatsa mwezi woyeserera, wokonza mipanda ndi kudula minga basi. Akakhoza, ndiye kuti watsanzikana ndi ntchito yonyamula katundu mu weyahausi ya ku Corby, imene inamudya msana zaka zisanu ndi chimodzi. Mipanda inatha msanga. Tsono Willie anakulira ku Ndirande, kumene chipika chimodzi chikatseka mtsinje wa Nasolo nyumba zimapita ndi madzi. Anavuula mitengo yonse imene inali m'kamtsinje ka kalabu, timiyala ta pansi n'kutisalaza ndi reki, kuti mabwana aone khama.

A Abdulkader anauyang'ana mulu wa zipikawo nthawi yaitali.

"Achimwene, wakutumani ndani?"

"Wamkulu sadikira kuuzidwa, bwana. Munali zinyalala zokhazokha."

"Safunsa anadya phula. Zipikazi tinaika dala, zaka zitatu tikuzikhomera. Nsomba za trout zimabisala m'menemo mbalame zikabwera. Timiyala mwapalasato ndi momwe zaikira mazira mwezi uno. Mwaswa onse."

Willie anamva manyazi, kenako mkwiyo.

"Nsomba zake zomwe zija mumagwira, kuzijambula, n'kuzibwezera m'madzi? Zosalawa n'komwe mchere?"

"Zomwezo. Kuno zili ndi abale ambiri kuposa inu."

"Ndibwezeretsa zonse lero lomwe. Mungondilankhulirako ku komiti, inu ndi wakwathu."

A Abdulkader asanayankhe, panaima galimoto ina. Anatsika wapampando wa kalabu, mzungu wa imvi, n'kugwira pakamwa ataona mtsinje uli mbulanda. Pomwepo Chichewa cha a Abdulkader chinauma. Anayamba kufotokoza m'Chingerezi kuti munthuyu sankamudziwa bwino, anangomumvera chisoni pamsika. Willie anamva liwu lililonse, ndipo zinamuwawa kuposa kuzizira kwa madzi.

Palibe anamuuza kuti ntchito yatha, ndipo iye sanafunse. Anavula majombo a kalabu, n'kuwaimika bwinobwino pafupi ndi galimoto ya a Abdulkader. Ali pamsewu anaimbira foni a ejensi yopezera anthu maganyu kufunsa ngati basi ya Lolemba yopita ku weyahausi ya ku Corby ikadali ndi malo.