Malo a Msoko

Fakitale ya malaya itatseka, mayi amene anzake ankamutcha Makolala anatuluka pageti ndi ndalama zomutsanzikira, kapu yake ya tiyi, ndi kapilo kamene ankakhalira pampando. Dzinalo silinali lachipongwe. Kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zitayamba kuoneka, ntchito yake pamzere wa makina inali imodzi yokha, kusoka kolala. Nsalu zinkabwera zodula kale kuchokera kuchipinda chodulira, iye n'kusoka, n'kutembenuza, n'kutulutsa nsonga ndi kamtengo, n'kupatsira wa kutsogolo. Wa kutsogoloyo ankadziwa mikono yokha, wina mabatani okha. Shati yathunthu ankaiona itavalidwa ndi anthu mumsewu.

Ndalama zija anagulira makina opalasa akale, tepi, choko ndi sizasi. Chimene analibe ndi malo. Nyumba yake inali kumapeto kwa kanjira kodutsa nkhuku zokha. Ndiye anapita kwa alamu ake, mlongo wa malemu mwamuna wake, amene anali ndi golosale pamsewu waukulu. Golosaleyo inali ndi khonde lasimenti loyang'ana pokwerera mabasi.

Alamuwo anamumvetsera akulongedza sopo pashelefu, osatembenuka. Anati khondelo akulifuna ndi ambiri, ndipo chibale sichidzaza shelefu. Komabe ayese kaye. Mwana wawo wamkazi anali pafupi kukalandira digiri, ndipo nsalu ya diresi anali ataitanitsa kale kuchokera kunja.

"Mukaisoka bwino, khonde ndi lanu. Mukaiwononga, tisadzakambiranenso. Mwamva, alamu?"

"Ndamva."

Makolala anaika makina ake pakhondepo, nayamba ndi zazing'ono: zigamba, zipi yoduka, mpendero wa thalauza la kondakitala. Kumapeto kwa khondelo kunkakhala wosoka nsapato, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, amene anali ndi ambulera yaikulu yozimirira mtundu. Masana dzuwa likafika pamakina, bamboyo ankadzuka ngati akuwongola msana, n'kukokera ambulera ija pang'ono kuti mthunzi ufike pamanja a Makolala, kenako n'kubwerera kunsapato zake. Sanatchulepo zimenezo. Makolala nayenso sanathokoze mokweza, koma madzulo akagwada pambali pa bedi ankamuuza Mulungu za ambulerayo.

Mwana wa alamu uja anabwera kudzayezetsa foni ili kukhutu. Anakweza mikono, anatembenuka, n'kuseka ndi wa pafoniyo.

"Anti, ikhale yogwira thupi. Musandisokere za kwaya zanu zija."

Makolala analemba manambala ndi choko pathabwa la makina: chifuwa, chiuno, mapewa, kutalika. Tsiku lotsatira anayala nsalu ija patebulo. Inali yobiriwira, yoterera, yozizira m'manja. Anajambula mizere mosamala, nambala iliyonse monga tepi inanenera, osaonjezera kapena kuchotsa. Atamaliza anagwira sizasi, koma anaopa kudula. Anaiika pansi, natseka maso kuti apemphere.

Potsegula maso anaona a Sizasi akudutsa mumsewu. Iwowa ndi amene anali mkulu wa odula kufakitale kuja, ndipo nawonso ntchito inali itawathera. Ankayenda ndi sizasi yawo yaikulu m'thumba la jekete, atakulunga m'kansalu, kufunafuna malo. Masiku amenewo ankakonda kuima pakhondepo, kupereka moni, maso akuyenda kuchokera kuchipilala china kufika ku chinzake. Makolala ankawakumbukira ndi zabwino. Mwana wake ali wakhanda, a Sizasi ankamusungira tinsalu totsala kuti akasokere timalaya. Anaona ngati pemphero layankhidwa lisanathe.

Anawaitana, nawaonetsa nsaluyo, nawafunsa ngati mizere yawongoka.

A Sizasi anavala magalasi. Anayendetsa chala pamzere wa m'mbali, anatenga tepi n'kuyeza pachifuwa, anayang'ana nambala ya pathabwa, nayezanso. Kenako anayang'ana khonde lija, kuyambira uku mpaka uko.

"Yawongoka, mayi. Dzanja lanu ndi labwino kale."

"Ndidule?"

"Dulani. Tsatirani choko."

Anatulutsa sizasi yawo, naimasula m'kansalu muja. Anati yogula m'sitoloyo imatafuna nsalu yoterera, adulire iyi. Inalowa m'nsalumo ngati m'madzi. Madzulo ake Makolala anawatchula a Sizasi m'pemphero, asanatchule n'komwe ambulera.

Akuti safunsa anadya phula. Iye anafunsa.

Anasoka diresiyo pang'onopang'ono, msoko uliwonse akuusita asanayambe wina. Kolala anaisiya komalizira, ndipo poisoka ankaimba chapansipansi. Inatuluka yoima bwino, nsonga zake zofanana ngati mapasa.

Tsiku loyesa, mtsikana uja analowa nayo m'kachipinda ka katundu kuseri kwa kauntala, amayi ake akumutsatira. Makolala anaima pakhomo atagwira tepi. Anamva nsalu ikukwera, kenako zipi. Zipiyo inafika pakati pa msana n'kuima. Alamu ake anauza mwanayo kuti abweze mimba. Anabweza mpaka maso kufiira, koma zipi sinasunthe.

Makolala analowa, natembenuza diresi kunsi kuti aone ngati angaphwasule msoko n'kukulitsa. Pamenepo ndi pamene anaona. Msoko uliwonse umadya nsalu, chala chimodzi uku, chala chimodzi uko, ndipo wodula amasiyiratu malo ake kunja kwa muyeso. Zaka zonse zija nsalu zinkamufika malowo atasiyidwa kale, ndipo iye sanadziwe kuti pali munthu amene amawaganizira. Anali atadula ndendende pathupi la mwanayo, misoko n'kudya thupilo. Panalibe chokulitsa. Nsalu yotsala inali timizere tosakwana ndi mpango womwe.

Mtsikanayo anakhala pakatoni ya mafuta ophikira n'kuyamba kulira. Alamu aja sanakalipe m'katimo. Anadikira mwanayo avule, anatenga diresi, natuluka nayo pakhonde, pomwe anthu anali atadzaza kudikira basi. Anaikweza m'mwamba ataigwira m'mapewa.

"Alipo ali ndi chidole kunyumba? Telala wathu wayamba kusokera zidole."

Anthu anaseka. Kondakitala wa thalauza uja anati bola iye mwendo unalowa. Mayi wina anaigwira nsaluyo n'kupukusa mutu, nati nsalu ngati imeneyi sapatsa wophunzira.

Alamuwo anatembenukira kwa Makolala, mawu atatsitsa, koma osati kwambiri.

"Achimwene anga anapita kumanda osavalapo shati yosoka mkazi wawo. Ndinkadabwa. Lero ndamvetsa."

Makolala anapinda tepi yake, naiika m'kabati ya makina. Wosoka nsapato anali ataweramira pansapato imene anali ataimaliza kale.

M'mawa mwake anabwera kudzatenga makina. Anapeza atakankhiridwa pakona, ndipo pamalo pake panali tebulo lalitali. A Sizasi anali atavula jekete, akuyala nsalu ina yatsopano, yofiira. Mtsikana uja anali ataima pambali, foni ili m'manja, maso otupa. Alamu aja anali pakhomo la golosale, ndipo atamuona Makolala analowa m'kati.

Makolala anadikira mtsikanayo achoke.

"Bambo, tsiku lija munaona?"

A Sizasi sanasiye kujambula. Choko chawo chinkayenda kunja kwa muyeso, zala ziwiri.

"Munandifunsa ngati mizere yawongoka. Inawongoka."

"Munandibwereka sizasi yanu."

"Nanenso ndili ndi ana, mayi. Khonde ndi limodzi."

Kenako anapisa dzanja pansi pa tebulo natulutsa diresi yobiriwira ija. Anaigwira pakolala, anaipinda, naitambasula, nayang'ana nsonga zake padzuwa. Anati kunena zoona kolala ngati iyi m'tauni muno palibe angaisoke, iwo omwe sangathe. Anati alandira oda ya mayunifolomu a sukulu, ndipo akufuna munthu wa makolala. Akambirana kale ndi eni golosale. Makina ake akhoza kukhala kuseri, kumene amasungira makreti a mabotolo. Chachikulu asamaonekere kutsogolo, chifukwa anthu a pabasi saiwala msanga.

"Iliyonse mukamaliza ndizikupatsani kenakake. Mukudziwa kale, ntchito yake ndi yomwe ija."

Makolala anayang'ana msewu. Anaganiza za kanjira ka nkhuku kaja, ndi za mwana wake amene anali asanamalize sukulu. Anafunsa kuti ayambe liti. Anamuuza kuti lero.

Kuseri kunali khoma lopanda pulasitala, ngalande ya madzi otsukira, ndi makreti osanjikizana. Pansi panali posalingana, moti akangopalasa makina ankagwedera. Dzuwa linafika msanga kuposa kukhonde. Chapakati pa m'mawa wosoka nsapato anatulukira pakona, atanyamula kachidutswa ka labala yodula kuchidendene. Anagwada movutikira, ananyamula mwendo umodzi wa makina, nalowetsa labalayo pansi. Anagwedeza makinawo kuti aone, ndipo anakhazikika. Anayang'ana kumwamba, kudzuwa, ngati akufuna kunena kanthu za ambulera, koma ambulera sikanafika kuseriko. Anabwerera.

A Sizasi anabweretsa mulu woyamba wa nsalu zodula, zoyera, zomanga ndi kachingwe monga ankachitira kufakitale. Makolala anali ndi chizolowezi chopemphera asanaponde makina. Anatseka maso, nayamba pemphero lija analiphunzira ali mwana. Anapempha chakudya cha tsikulo. Atafika pa mawu okhululukira anzathu anaima. Milomo inayenda, koma mawu sanatuluke. Anakhala choncho mpaka basi ina inaliza hutala kutsogolo, anthu n'kuyamba kuthamanga.

Anatsegula maso, namasula kachingwe kaja. Anatenga kansalu kapamwamba, naika zala zake m'mphepete mwake. Malo a msoko analipo, okwanira bwino, mbali zonse. Anakalowetsa pansi pa singano, nayamba kupalasa.