Pulogalamu ya Dzanja Limodzi

"Java, achemwali! Musamumvere uyu," anatero a Ndevu akugogoda tebulo langa. "Java ndi nyumba ya njerwa zootcha."

"Njerwazo udzaotcha ndiwe?" a Magalasi anawadula. "Python, achemwali. Mizere yochepa, ntchito yatheka."

Awiriwa anali akatswiri a pakampani kathu kolemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo pa zilankhulo zolembera mapulogalamuzi ankakangana ngati ochemerera mpira. Ine ndinali wongoyesedwa. Sukulu ndinaisiyira panjira mimba itaoneka, zamakompyutazi ndinazitolera pafoni. Abwana, mayi wosachulutsa mawu, anandiuza kuti ndilembe pulogalamu yosunga miyeso ya makasitomala a telala wa kuseri kwa ofesi. Ikagwira, malo ndi anga. Ikakanika, kwathu.

Ndinayesa zonse ziwiri mwana ali kubere. Java inali yabwinodi, koma timikutiramawu take topiringizika tinkafuna manja awiri, pamene ine lina linali litanyamula munthu. Python ndinkaitha ndi dzanja limodzi.

"Mwasankha chilankhulo potengera bere?" a Ndevu anagwira mutu.

"Nanga mundiyamwitsira ndinu?"

Ofesi yonse inafa nacho chiseko.

Panatsala posunga miyesoyo. SQLite imasunga zonse m'kafayilo kamodzi m'kompyuta momwemo. MySQL imakhala pa seva, kompyuta yosungira anzake zinthu, makompyuta ambiri n'kumatunga pamenepo ngati pachitsime. A Magalasi, pokondwa kuti ndalowa timu yawo, anati, "Musavutike, lumikizani ku MySQL ya pa laputopu yangayi." Ndinalumikiza. Zinayenda ngati madzi.

Tsiku loonetsa, abwana anandiperekeza kwa a telala. Ndinaika pulogalamu m'kompyuta yawo yakale, pakati pa ulusi ndi zidutswa za nsalu. A telala anayeza mayi wina m'chiuno, ine n'kulemba, n'kudina batani. Zii. Ndinadinanso. Pulogalamu inati siikupeza posunga.

Ndinadina kachitatu, mwana ali m'tulo pamkono panga.

"Yadwala?" anafunsa a telala, tepi ili m'khosi.

Ndinasuzumira pazenera, ndipo ndinaona a Magalasi akuoloka msewu kupita kukadya, chikwama cha laputopu chili paphewa. Chitsime changa chinkapita kukadya nkhomaliro!

Ndinaseka mpaka mwana anadzuka. "Abwana, ndipatseni kanthawi."

Abwana anangotambasula manja n'kulandira mwanayo. Kwa nthawi yoyamba ndinalemba ndi manja onse awiri. Ndinachotsa mzere wolozera ku laputopu ija, ndinaika wa SQLite, ndinakonza mizere ina ingapo. Nditadina, chiuno cha mayi uja chinalowa, ndipo nditazimitsa n'kuyatsanso chinali chikadalimo.

"Iii, musachionetse kwa aliyense!" anakuwa mayiyo ataphimba kumaso.

A Magalasi atamva nkhaniyi anaseka mpaka kuvula magalasi. "Koma telalayo akadzatsegula shopu yachiwiri, mudzandifuna ndi seva yanga."

"Ndidzakufunani. Koma tsikulo nkhomaliro mudzadyera pampando."

Tinaweruka ndisanamve ngati malo aja ndi anga. Ndinapita kunyumba mtima uli m'mwamba.

M'mawa mwake nditalowa, ndinaona miyendo ya munthu itatulukira pansi pa tebulo langa. Anali a Ndevu, atagona chagada, akumangirira mawaya onse m'mwamba.

"Abwana akuti kamunthu kanuka kayamba kukwawa posachedwa," anatero, chingwe chili kukamwa. "Tandipatsirani sizasiyo."