Masamba Amene Ndinasankhira Bester

Bester anandiimbira foni ndili pamjigo.

"Thoko, kompyuta yayankha! Chinangwa chanu chilibe khate. Mawa galimoto ibwera kudzatenga mitengo yake, tikagawire mabanja a ku Nathenje ikhale mbewu."

Ndowa inasefukira ndikungoiyang'ana.

Bester ndi mnyamata wa kulabu yopimira matenda a mbewu pafupi ndi Mitundu, amene ndakhala ndikumulota chilembereni mayeso a Fomu 4. Mwezi watha anabwera kumunda kwa bambo n'kundifotokozera kuti tsamba lililonse lili ndi DNA, mndandanda wa zilembo zosaoneka ndi maso. Kompyuta yawo anaionetsa zilembo za masamba masauzande, odwala ndi abwino, mpaka inaphunzira kuzindikira yokha kachilombo ka khate. Poti anali ndi minda ina yoti ayendere, anandisiyira timatumba makumi awiri.

"Uziwerenga mitengo khumi, n'kuthyola tsamba limodzi. Osasankha."

Koma abale, mlendo ungamupatse masamba okwinyika? Kwathu chigwada timathyola chanthete, chobiriwira bwino. Ndinkafuna akatsegula timatumbato andikumbukire. Mizere ya kuchulu, kumene masamba achita chikasu, ndinaidumpha yonse.

Ndowa ija ndinaisiya pamjigo pomwepo. Ndinathamangira kumunda, n'kuthyola tsamba limodzi la kuchuluko, n'kukwera kabaza. Njira yonse m'maganizo ndinkaona minda ya anthu osawadziwa itachita chikasu chifukwa cha ine.

"Achemwali, mukunjenjemeretsa njinga," anatero wakabaza. "Mukuthawa apongozi?"

Bester ndinamupeza pakhonde la labu akudya chimanga chootcha. Anamwetulira, koma ataona tsambalo anasiya kutafuna.

"Ili lachokera kuti?"

"Kwathu. Kuchulu."

"Nanga kompyuta bwanji sina…" Anandiyang'anitsitsa. "Thoko, unasankha?"

"Ndimafuna ndikupatseni abwino."

"Abwino! Kodi ndinati ndikukaphika ndiwo? Kompyuta imawerenga zomwe waipatsa basi. Kumunda siinafikeko. Lipoti ndatumiza kale kwa abwana, dzina langa lili pamenepo."

"Ndiye tingokhala chete?"

Anatembenuza tsambalo kawiri. Kenako anatulutsa foni n'kuimbira dalaivala.

"A Petro, ulendo wa mawa kulibe. Galimoto isapite. Ayi, abwana ndiwauza ndekha."

Atadula anati, "Lolemba ndidzathyola ndekha. Ukawauze bambo asadule mtengo ngakhale umodzi."

Ndinaima pang'ono, kudikira kuti mwina andiperekeza mpaka pageti. Iye analowa m'labu, tsamba lili m'manja, n'kutseka chitseko.