Matsinde asanu ndi awiri a Mayi Fatu

Ku Chinsapo kuno aliyense ankadziwa kuti Mayi Fatu, aja a mandasi ochokera ku Nkhotakota, adzala mpunga m'dimba. Mpunga, ku Lilongwe! Azimayi ankachita kugundana zigongono pa mjigo.

Nawo mpungawo unawachititsa manyazi ndithu. Anawokera mochedwa, mvula n'kudula milungu itatu, dimba n'kung'ambika ngati zidendene. Utangoyamba kutulutsa ngala, chisanu chinagwa. Ukafinya njere, mankhusu okhaokha.

Koma kumphepete, kumene kunauma kwambiri, kunatsala matsinde asanu ndi awiri, afupiafupi, osaoneka bwino n'komwe. Amenewo ngala zake zinkalemera.

Analongosola ndi a Lonely, oyandikana nawo nyumba, amene amagwira ganyu yothirira mbewu kumalo ena ofufuza zaulimi.

"Anzanga, musauone kufupika," anatero a Lonely atanjuta. "Kuntchito amati m'kati mwa mbewu muli tinthu tosunga chibadwa, tambiri timangogona. Ludzu likafika, tina timadzuka, n'kutseka timabowo ta masamba kuti madzi asathawe. Kukazizira, tina mwa tomweto timadzukanso. Winawu tinthu take tinagonereza. Uwu tinadzuka msanga."

"Nanga ana ake?" anafunsa Mayi Fatu.

"Akhoza kutengera. Koma uyambe wakhwima. Masiku khumi."

Masiku khumi! Pamene Bambo Gilford, eni dimba, anali atauza kale anthu oumba njerwa kuti Lolemba ayambe kukumba pomwepo.

Lolemba m'mawa anafikadi, amuna anayi, makasu ndi zikombole paphewa, a Gilford patsogolo ndi chipewa chawo chaubweya. Anapeza Mayi Fatu atakhala pa chigubu pakati pa matsinde aja, mbaula ikuyaka, mafuta akuwira m'chiwaya.

"Mayi, izi ndiye ziti?"

"Ndasamutsa geni, bambo. Mandasi otentha, mutenga angati?"

"Tinapangana kuti Juni ikafika mundibwezera malo."

"Ndakubwezerani. Dimba lonselo ndi lanu. Ine ndangogwira pokhala panga pano."

"Chifukwa cha udzu umenewu? Sungadzaze ndi kapu yomwe!"

"Ngati ndi udzu ukukuwawani chiyani?"

Mayi Fatu anangotembenuza mandasi osayang'ana munthu. Mpunga umenewu unapirira ludzu ndi chisanu popanda wouuza. Iwo alephere kupirira chipewa chaubweya?

A Gilford analoza mmodzi wa amuna aja. "Enerst, yambira apo."

Enerst anayang'ana chiwaya cha mafuta owira, anayang'ana mayiwo, n'kukanda m'mutu. "Bwana, dothi la uko ndiye labwino. Kuno kuli mchenga."

Bodza lenileni, komatu anzake onse anavomera.

Ndiye zinayenda choncho. M'mawa uliwonse Mayi Fatu ankasenza mbaula kupita kudimba. Maenje ankayandikira, njerwa zikufoleredwa mizere mizere, mpaka iwo anatsala pa kachilumba. Mpheta zikabwera ankaziponyera zibuma. A Gilford ankabwera kudzaima manja m'chiuno, tsiku lina anabwera ndi akazi awo kuti mwina azimayi okhaokha amvana. Akaziwo anabwerera ndi mandasi anayi m'pepala.

Kumjigo nkhani inali yomweyi. Ena amati mayiwa mutu wasokonekera, ena amati a Gilford aopa munthu wamkazi. Amuna awo a Mayi Fatu, a Asani atelala, ankangoweramira pa makina ngati sakumva.

Tsiku lakhumi a Lonely analuma kanjere kamodzi, kanalira kuti gwa.

Mayi Fatu anadula ngala imodziimodzi ndi mpeni wa anyezi, n'kumanga pa nsonga ya chitenje. Kaphukusi kake kanali ngati chibakera cha mwana.

"Zonsezi ndi zimenezo?" anaseka a Gilford. "Tiphikireni tsono tilaweko."

"Uwu sulowa mumphika, bambo. Ndi mbewu. Disembala ndibwera tidzakambirane za malo."

"Malo atinso? Apa pakhala dzenje!"

"Dzenje limasunga madzi."

Mayi Fatu anasenza mbaula, nalumpha ngalande, osacheuka.

"Enerst!" anakuwa a Gilford. "Kumbatu, mchenga uja watha."