Mapiritsi Owawa Amene Tinagawana

Adokotala a magalasi aja ali nane ngongole, ndipo si ya ndalama ayi. Ndi ya yankho. Liwu limodzi basi: eya kapena ayi. Anandilonjeza okha, pakamwa pawo, m'chipinda chachitatu cha kuchipatala chachikulu, tsiku limene ndinalemba dzina langa mokhotakhota pansi pa pepala lawo. Anati, "Mayi, kafukufukuyu akatha, mudzakhala oyamba kudziwa ngati mankhwalawa amathandiza." Zaka zinayi zadutsa. Ine sindiiwala munthu amene wandilonjeza kanthu, kaya avale jekete yoyera, kaya avale chiyani.

Ndimagulitsa kaunjika pamsika. Sukulu ndinangoinunkhiza, koma belo ndimalidziwa. Ndikalidula zingwe, ndimasankha: izi zopachika, izi za pamulu, izi nsanza zopukutira pansi. Palibe amene anandigulitsapo nsanza n'kunena kuti ndi suti.

Chitsirizira changa timamutcha Kanjiwa. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo matenda akugwa anamuyamba ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mankhwala akale ankamwa ndithu, komabe ankagwa katatu, mwina kanayi pa sabata. Chipsera chili pachibwano ndi cha pasitepe. Cha padzanja ndi cha mbaula. Ndiye atabwera ndi nkhani ya mapiritsi atsopano owonjezera pa akalewo, sindinafunse kawiri.

Nesi anatifotokozera tili amayi khumi ndi anayi, ife a gulu la Lolemba, pabenchi ya panja pa chipinda chija. Akuti ana ena alandira mankhwala enieni, ena alandira mapiritsi ofanana nawo koma opanda kanthu m'kati, ndipo palibe adziwe, ngakhale adokotala amene.

"Ndiye mukutigulitsa belo lomanga?" ndinafunsa.

"Ndi mmene timadziwira zoona, mayi," anatero nesi.

Ndinangoti chabwino. Koma mwezi wachiwiri, amake mapasa, amene ankakhala pafupi nane pabenchi, anadandaula kuti mwana wawo amalavula mapiritsi chifukwa chowawa. Ine ndinadabwa. Kanjiwa ankangomeza osakwinya nkhope. Ndinatulutsa limodzi m'botolo lake n'kunyambita. Zii, ngati choko. Ndinapempha la amake mapasa. Kuwawa kwake mpaka m'makutu.

Tsiku limenelo ndinanyambita mapiritsi a benchi yonse. Asanu ndi awiri owawa, asanu ndi awiri choko.

"Azimayi," ndinatero, "ana athu tonse amagwa chimodzimodzi. Wina azimwa mankhwala, wina azimwa choko chaka chathunthu? Nanga amene agwere pamoto ali pa choko, adokotalawa adzamubweza?"

Ena anachita mantha. Mayi wina wa chipewa chofiira anati tikagwidwa atichotsa. Ndinamufunsa kuti atigwira ndani, poti iwo eni ake akuti sakudziwa. Anaseka onse. A mapiritsi owawa ndiwo anavuta, paja iwo anali atapata kale. Ndinalimbana nawo ngati ndikutsitsa mtengo wa belo, mpaka anavomera. Kuyambira pamenepo, tikalandira mabotolo, tinkazungulira kuseri kwa zimbudzi, n'kuyala nsalu pansi. Ine ndi lezala, kudula piritsi lililonse lowawa pakati, khe, khe, khe. Mwana aliyense theka. A choko tinkataya m'chimbudzi kuti nesi akawerenga otsala apeze zili bwino. Tinachita zimenezi chaka chonse, ndipo ndinkayenda mutu uli m'mwamba.

Kafukufuku atatha, anati amene akufuna apitirize kulandira mankhwala enieniwo, piritsi lathunthu. Ndinavomera. Apa ndiye pali nkhani yanga.

Kanjiwa wa lero si uja. Amagona ngati wamenyedwa ndi mpini. Manja amanjenjemera moti ulusi sulowa pa singano, ndipo kusukulu ya zosoka anasiya, chonsecho anali wotsogola m'kalasi. Amandiitana, "Amayi," ndikatembenuka wayiwala chimene amafuna. Kale ankandiseka kuti ndimakuwa ngati kondakitala. Pano ngakhale ndikuwe chotani amangondiyang'ana. Nanga kugwa? Amagwabe. Sabata ina kawiri, ina kamodzi, ina kanayi. Ndili ndi kabuku kamene ndimalembamo timizere, kugwa kumodzi kamzere kamodzi. Ndikakayang'ana sikandiuza kanthu.

Ndiye funso langa ndi ili. Ngati mankhwalawa akugwira ntchito, ndipirira, mwana azigona koma ali moyo. Ngati sakugwira, ndiye kuti ndikumuzimitsa mwana wanga ndi dzanja langa, m'mawa ndi madzulo, popanda chifukwa. Ndiwasiye kapena ndisawasiye?

Ulendo uliwonse adokotala ankati, "Dikirani, mayi, pali anthu akusonkhanitsa zonse." Lachiwiri lapitali ndinatopa. Ndinafunditsa pulasitiki pa katundu wanga, ndinamugwira Kanjiwa padzanja, mpaka m'chipinda chachitatu osagogoda.

"Adokotala, lero sindituluka."

Anavula magalasi, napukuta m'maso. Akalamba, bambo aja, imvi mbuu. "Mwabwera tsiku labwino, kapena loipa, kaya. Ntchito ija yatha. Tiyeni kumwamba mukamve kwa mwini wake."

Tinakwera masitepe, Kanjiwa akupumira panjira. Kumwambako kunali kachipinda kopanda bedi, kopanda fungo la mankhwala. Tebulo, kompyuta, fani yolira ngati ili ndi chifuwa, ndi mapepala milumilu mpaka pawindo. Kuseri kwa mapepalawo kunali mtsikana woonda, wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Adokotala anati ntchito yake ndi yosefa kafukufuku. Mumtima ndinangomutcha Wosefa.

"Khalani pansi, amayi," anatero, akuchotsa mafayilo pampando.

"Ndikhala ndikamva. Amathandiza kapena sathandiza?"

Anayang'ana adokotala, kenako ine. "Ndiloleni ndikuonetseni mmene ndayendera. Kafukufuku mmodzi akhoza kunama. Ndiye timatolera onse amene anachitikapo pa mankhwalawa, kulikonse, n'kuwaika pamodzi. Ndinapeza mapepala mazana atatu ndi khumi ndi awiri."

"Eya, ndiye ambiritu. Akuti chiyani?"

"Ambiri ndinawachotsa. Ena anayesera pa makoswe. Ena ndi kafukufuku yemweyo wolembedwa kawiri. Ena anapatsa mankhwala aliyense, popanda gulu loyerekezera nalo, ndiye munthu akachira sudziwa ngati ndi mankhwala kapena ndi nthawi chabe."

"Nsanza," ndinatero.

"Amayi?"

"Pitiriza, mwanawe. Belo ndimalidziwa. Zopachika zatsala zingati?"

Anamwetulira pang'ono. "Asanu."

"Pa mazana atatu? Amene anakugulitsa belo limenelo ndi mbava."

Adokotala anaseka kamodzi, n'kusiya. Wosefa anatembenuzira kompyuta kwa ine. Panali mizere isanu, uliwonse ndi timadontho, tina tobiriwira, tina tachikasu, tina tofiira. Anati tobiriwira ndi pamene ntchito inagwiridwa bwino, tofiira ndi pamene pali chokayikitsa. Tofiira tinali mbwee.

Analoza ndi cholembera. Awiri oyamba anali ndi anthu ochepa, osadzaza ngakhale basi imodzi. Wachitatu anamulipirira ndi eni ake opanga mankhwalawo, ndipo anangolemba zokoma, za kugona ndi kunjenjemera osatchula. Wachinayi, theka la odwala anasowa pakati pa ulendo, ndipo palibe analondola kuti anasowa chifukwa chochira kapena chifukwa chodwalitsa.

"Wachisanu ndi wanu uja," anatero. "Ndiye anali wamkulu, wokonzedwa bwino kuposa onse. Tonse tinkadalira ameneyu."

"Ndiye wati chiyani?"

"Magulu awiri aja anatuluka ofanana. Kugwa chimodzimodzi, kugona chimodzimodzi."

"Basi, ndiye kuti sathandiza. Tiye, Kanjiwa."

"Ayi, amayi, dikirani. Atayeza magazi amene ankatenga aja, anapeza mankhwala mwa ana ambiri amene sankayenera kukhala nawo. Ndipo amene ankayenera kukhala nawo, anali nawo ochepa. Ndiye sitinayerekeze mankhwala ndi kupanda mankhwala. Tinayerekeza theka ndi theka. Mwina amathandiza kwambiri, mwina sathandiza n'komwe. Pepalali silingatiuze."

Fani ija inkangolira. Ndinakhala pampando uja tsopano.

"Tinafufuza kosungira mankhwala," anatero adokotala. "Tinaganiza kuti mabotolo anasokonezeka polemba manambala. Amene ankagawa mankhwala anachotsedwa ntchito chifukwa cha nkhani imeneyi. Mpaka lero sitidziwa chinachitika."

Ndinamukumbuka wogawa mankhwala uja, bambo wachete wa dazi, amene ankatiuza kuti tiziyenda bwino. Ine si munthu wosunga mawu m'kamwa.

"Ndine," ndinatero. "Ndi lezala. Kuseri kwa zimbudzi."

Ndinafotokoza zonse, za kunyambita, za nsalu, za choko cha m'chimbudzi. Ndinati pambuyo pake amayi a gulu lobwera Lachinayi nawonso anatengera kwa ife, paja amake mapasa pakamwa pawo sipatsekeka. Wosefa anagwira pakamwa. Adokotala anandiyang'anitsitsa, magalasi ali m'manja.

"Musandiyang'ane choncho," ndinatero. "Mukanakhala inu, mwana wanu akugwera pambaula, mukanamupatsa choko?"

"Sindikudziwa, mayi," anatero adokotala. "Mwina ayi. Nafenso tinalakwa. Mapiritsi aja ankayenera kuwawa mofanana."

"Chabwino. Ndiye tapezana. Ine ndakupatsani chimene munkasowa, inu mundipatse changa. Mayina onse ndili nawo m'mutu. Aliyense ankamwa theka, m'mawa ndi madzulo. Iwe mwana, lowetsa zimenezo m'makina akowo, uwerengenso."

"Sizingatheke, amayi."

"Chavuta n'chiyani? Theka kuphatikiza theka, ngakhale ine ndimatha."

"Palibe mwana amene anakhala osamwa. Ndilibe womuyerekezera naye. Zili ngati mwasakaniza madzi a ndowa ziwiri, kenako mukuti ndikuuzeni ndowa imene inali ndi mchere."

Ndinatulutsa kabuku kanga ka timizere n'kukaponya patebulo. Zaka zinayi, palibe tsiku ndinadumpha. Anakatsegula mwaulemu ndithu, tsamba ndi tsamba, mpaka kumapeto. Anati ndakasunga bwino kuposa anesi ena. Koma anati ndi ka munthu mmodzi, ndipo matendawa amakwera n'kutsika okha, ndiye timizere tikachepa mwezi wina sitingalumbire kuti ndi piritsi.

"Nanga pa pepala lakolo walemba chiyani pomaliza? Zaka zonsezi wadya malipiro, walemba chiyani?"

Anawerenga pang'onopang'ono. Akuti umboni umene ulipo ndi wofooka kwambiri, sitingathe kunena ngati mankhwalawa amachepetsa kugwa, pakufunika kafukufuku wina.

"Wina? Atha liti?"

"Akapezeka omulipirira," anatero adokotala. "Zaka zisanu, mwina kuposa."

Ndinayamba kutsitsa, ine amene sinditsitsira munthu. Ndinati chabwino, yankho lathunthu mulibe, ndipatseni theka. Anakana. Ndinati ndiuzeni mbali imene mwapendekera, ndinong'onezeni, sindikauza munthu. Adokotala anati tikhoza kumachepetsa pang'onopang'ono iwo akuyang'anira, ndipo ndisayerekeze kumusiyitsa kamodzin'kamodzi. Ndinafunsa ngati tikachepetsa sadzagwa pamsewu. Anati sangalonjeze. Ndinafunsa ngati tikapitiriza mutu wake udzabwerera. Anati sangalonjezenso.

"Kulonjeza munkatha kale," ndinatero.

Kanjiwa, amene nthawi yonseyi anali atatsamira khoma akusinza, anayankhula. "Adokotala, ine ndimafuna ndizisokanso." Anaima kaye, kufunafuna mawu ena, koma sanabwere.

Ndinaimirira. "Bambo, ndakupatsani magazi a mwana wanga chaka chathunthu. Ndakupatsani Lolemba langa lililonse, msika ndikutseka. Lero ndakupatsani ndi mlandu wanga womwe. Munati ndidzakhala woyamba kudziwa. Eya kapena ayi?"

Anavala magalasi aja n'kundiyang'ana m'maso. "Mayi, yankho limenelo ndilibe. Ndipo labodza sindikupatsani."

"Ndiye mwakana."

"Ndakana."

Ndinatola kabuku kanga. Potsika tinadutsa pa benchi ija. Panali amayi ena atsopano, a matenda ena, mabotolo ali m'manja, akudikira kuitanidwa. Mmodzi anandisunthira kuti ndikhale. Ndinapitirira.

Pageti dzuwa linali litapendeka, nthawi ya piritsi lachiwiri. Kanjiwa anapisa m'chikwama changa yekha, natulutsa botolo, manja akunjenjemera moti mapiritsi ankalira m'katimo. Anatsanulira limodzi pachikhatho.

"Amayi, ndimwe?"

Ndinayang'ana piritsi lija, loyera, lathunthu, lokhala ndi kamzere kake pakati. Ndinatsegula botolo la madzi n'kumupatsa.