Pepala la 740

Lachiwiri pa 8 Okutobala 2019, nthawi ya 9 koloko m'mawa, Telala, mayi wosoka zovala, anafunditsa nsalu makina ake osokera nawoloka msewu kupita ku shopu ya mlongo wake wamwamuna. Analibe pepala lililonse lofuna fotokope. Ankafuna kukaonanso khosi la munthuyo, lomwe Lamlungu lapitalo linkayendayenda m'kolala ya shati ngati supuni m'kapu.

Mlongoyo anali wamng'ono kwa iye ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Msewu wonse unkamutcha Pulofesa, chifukwa masatifiketi a eni ake anadutsa ambiri m'manja mwake mpaka iye anayamba kuyankhula ngati ndi ake. Shopuyo inali kachipinda kamodzi: makina a fotokope, makina omatira mapepala m'pulasitiki, kamera, ndi nsalu yoyera pakhoma pojambulira zithunzi za pasipoti.

Onse awiri anali ndi kachilombo ka HIV. Telala anayamba ma ARV mu Ogasiti 2006, CD4 yake, chiwerengero cha maselo oteteza thupi, ili pa 90, atachita kumunyamula anthu awiri polowa naye m'chipatala. Pulofesa anayezetsa pa 14 Juni 2012, ndipo makina owerenga maselo oteteza thupi anatulutsa 740. Lamulo la nthawi imeneyo linkati munthu amene sakudwala ayambe mankhwala chiwerengerocho chikatsika kufika pa 350. Anamuuza kuti nthawi yake sinakwane. Iye anabwerera ku shopu, nayatsa makina, namata pepalalo m'pulasitiki. Kuyambira tsiku limenelo linkagona m'chikwama cha m'thumba, ndipo kuchipatala sanapondekonso.

Ankalitulutsa ngati mendulo. "Inu achemwali munali pa 90, ine 740. Anga ndi asilikali, gulu lathunthu lankhondo. Anu aja anali alonda a pageti." Telala analiona pepalalo pamaliro a amalume awo. Analionanso mu Meyi, mashingozi atamutuluka Pulofesa m'nthiti, iye n'kumati wayendedwa ndi kangaude.

M'mawa umenewo anamupeza ali ndi kasitomala, mayi wina amene anabwera ndi kachithunzi kakale kuti amutulutsire tina tiwiri tomata pafomu.

"Mayi, chithunzichi munajambulitsa liti?" anafunsa Pulofesa, atakagwira ndi zala ziwiri ngati kakununkha.

"Sikale, bambo. Mwina zaka zitatu."

"Zitatu! Fomu ikuti chisapitirire miyezi sikisi. Nkhope si mwala, mayi, imasintha. Apa muli ndi masaya. Lero masayawo ali kuti? Mukakapereka ichi akakufunsani kuti mwatengeranji chithunzi cha mng'ono wanu. Khalani apo ndikujambuleni."

Telala anakhala pampando wa pakhomo, manja atapinda. Anadikira mayiyo ajambulidwe ndi kutuluka. Kenaka anayeza mlongo wake ndi maso, monga amayezera aliyense wolowa kwake, napeza kuti pa lamba pali mabowo awiri atsopano obooledwa ndi msomali.

"A Pulofesa, phunziro ndalimva. Chithunzi chimatha ntchito pa miyezi ingati?"

"Sikisi. Bwanji, mukufuna pasipoti? Mupita kuti inu?"

"Nanga chako chili m'chikwamacho chakwanitsa zaka zingati?"

"Chiti?"

"Cha asilikali."

Pulofesa anaseka, kusekako n'kuthera m'kupuma mwamphamvu. "Achemwali, magazi si nkhope."

"Zoona. Nkhope imachedwa kuulula. Tabwera nalo kuno."

Analitulutsa mosanyinyirika, poti kulitulutsa ndiko ankakonda. Telala sanayang'ane nambala. Analitembenuza. Kuseri kwake, pansi pa pulasitiki, panali zolemba za bolopeni zooneka bwinobwino: Mubwerenso pa 14 Disembala 2012 kudzayezetsanso.

"Taona luso lako," anatero. "Unamata ndi tsiku lomwe, kuti lisanyowe. Lasungika bwino ndithu. Zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo likuwala ngati ladzulo. Mayi uja wamunyoza ndi zitatu."

"Ine sindikudwala."

"Thalauza ili ndinakusokera ndine, chiuno 36. Lero mungalowemo iwe ndi makina ako a fotokope."

Pulofesa anakwatula pepala lake. Khungu la pamphumi linakwinyika. Telala ankamudziwa kuyambira ali wosavala: kumupempha kunali kutaya mate, koma kumunyoza kunkamuyendetsa.

"Tiyeni," anatero Pulofesa akufunafuna loko. "Tiyeni pompano. Ndikayezetse, ndimate lachiwiri, ndidzalipachike pamwamba pa makina anu osokera kuti muziliwerenga tsiku lililonse."

Anafika kuchipatala 10 koloko itangodutsa. Namwino anali mayi wa imvi za m'mbali, magalasi ali pachingwe. Anawerenga pepala lomatalo mbali zonse ziwiri, nayang'ana mwini wake pamwamba pa magalasi.

"Mwachedwako pang'ono, bambo."

Anamuyezanso kachilombo kuti atsimikize, namutenga magazi, nawauza kuti adikire panja. Pabenchi Pulofesa anaphunzitsa bambo wina wachilendo kusiyana kwa pepala lolimba ndi lofewa. Telala anakhala pambali pake. Benchi imeneyo ankaidziwa. Mu 2006 anagonapo chafufumimba chifukwa kukhala tsonga kunali kutamukanika, ndipo mwa anthu asanu amene anayamba nawo mwezi umenewo, awiri sanafike Disembala. Zimenezi sanamuuzepo mlongo wake, ndipo sanafune kuyamba lero.

Atawaitananso, namwino anaika kapepala patebulo. Panalembedwa 143.

Pulofesa anakayandikitsa kumaso, nakatalikitsa, nakapendeketsa kuwindo.

"Amayi, ine makina ndimagwira nawo ntchito. Inki ikachepa amadya zilembo. Apa ndi 743. Seveni sanatuluke bwino."

Telala anatulutsa kamphepo m'mphuno.

"Ndi wani, bambo," anatero namwino. "Munthu amene chitetezo chake chili bwino amakhala pakati pa 500 ndi 1,500. Nambalayi imasinthasintha ndithu. Mukhoza kuyezetsa lero ndi mawa n'kupeza zosiyana pang'ono, makamaka ngati muli ndi chimfine. Koma siisiyana ndi 600. Inu kachilombo kakhala kakudya maselo amenewa mwakachetechete chaka ndi chaka, inu muli pa ntchito."

"Koma anandiuza okha kuti ndisayambe!"

"Mu 2012 anakuuzani zoona, malinga ndi lamulo la nthawiyo. Linali 350. Kenaka linakwera kufika pa 500. Kuyambira 2016 pano sitidikiranso nambala. Kafukufuku anaonetsa kuti oyamba msanga amadwala mocheperapo kusiyana ndi odikira, ndiye aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba, kaya ali pa 900. CD4 masiku ano sitiyezera kuti tidziwe ngati muyambe. Timayezera kuti tidziwe zina zoti tikutetezeni nazo."

"Palibe anandiuza zimenezo."

"Ndinakuuza mu Seputembala 2016," anatero Telala, "tsiku lomwe ndinawerenga chikwangwani pakhoma lakunjalo. Ndinakuuza mu Epulo 2018 pamaliro a amalume. Ndinakuuza mu Meyi, ndikukupaka mankhwala pa kangaude wako uja. Unati telala aziyeza ziuno, magazi awasiyire ophunzira."

Namwino sanaseke, koma anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta nthawi yaitali.

Kenaka anafotokoza kuti pansi pa 200 thupi limakhala khomo losatseka, ndipo alendo oopsa kwambiri ndi awiri: TB, ndi matenda oumitsa khosi. Anamufunsa ngati mutu ukumupweteka, ngati akutsokomola, ngati amatuluka thukuta pogona. Pulofesa anakana zonse. Namwino anayang'ana Telala, ndipo Telala anavomera ndi mutu kuti apa pokha sakunama. Anamutumiza kukapereka mkodzo ndi magazi ena, ndiponso kukajambulitsa chifuwa chifukwa cha kuwondako. Zotsatira zinabwera 1 koloko itakwana. Matenda awiriwo sanapezeke.

"Mwachita mwayi," anatero namwino. "Mukanapezeka nawo tikanayamba kuchiza amenewo kaye. Ndiye muyamba lero. Piritsi limodzi tsiku lililonse, nthawi yofanana, ndi Bakitirimu wokutetezani ku matenda ena. Mubwerenso pakatha milungu iwiri. Pakatha miyezi sikisi tidzayeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, ndipo nambala imeneyo ndiyo tizidzaitsata."

Pulofesa anakhosomola pang'ono ngati wofuna kutsegula msonkhano. "Ndili ndi ganizo. Ndipatseni mwezi umodzi. Ndidye mazira, adyo, mkaka, nambalayi ikwereko kaye. Munthu sayamba nkhondo asilikali ali ndi njala."

"Mazira idyani, ndi abwino. Koma kachilombo sikaopa dzira. Chimene chidzakweze nambalayi ndi mankhwalawa, ndipo idzakwera pang'onopang'ono. Mwezi umene mukupemphawo mulibe."

Anamulembera khadi namulozera kuwindo lolandirira mankhwala.

Pamzere panali anthu khumi ndi mmodzi. Pulofesa anapinda khadi naliika m'thumba la shati, nakhala kumapeto kwa benchi, maso ali kukhomo lotulukira. Telala anaona phazi lake likugunda pansi. Akanatha kukhala mbali yakukhomoko kuti amutsekere njira. Sanatero. Piritsi la tsiku lililonse silimwedwa ndi munthu wogwiridwa mkono.

Mzere utatsala anthu atatu, mawu anamveka kuchokera kubenchi yakumbuyo.

"A Pulofesa! Ndinu? Ndiye chifukwa chake ndapeza loko pa shopu!"

Anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu yakumtunda, mayi wonenepa amene ankasindikizitsa mayeso a ana kwa iye teremu iliyonse. Botolo lake la mankhwala lopanda kanthu linali m'manja, poyera, ngati wagwira choko.

Pulofesa anaimirira theka. "Aa, aphunzitsi. Ayi, ine ndangoperekeza achemwaliwa. Mukudziwa, akuluakulu..."

Mphunzitsi anayang'ana Telala. Ankadziwana bwino, poti ankakumana pamzere womwewu, ndipo mphunzitsiyo ankadziwa kuti tsiku la Telala lolandira mankhwala linali lisanafike. Telala anatulutsa tepi yoyezera m'chikwama nayamba kuikulunga bwinobwino pachala.

"Wotsatira!" anaitana wa pawindo, a kutsogolo onse atalandira.

Palibe anasuntha. Pulofesa anayang'ana mlongo wake. Telala anapitiriza kukulunga tepi.

"Wotsatira! Kodi ndi bambowo kapena mayiwo?"

Pulofesa anapisa dzanja m'thumba la shati. Khadi linakodwa pa batani, nalikoka mpaka ulusi unaduka.

"Ndine," anatero, mawu ali pansi. Kenaka anabwereza mokweza, poti wa pawindoyo sanamve.

Mphunzitsi anasendera pamalo amene Pulofesa anachoka. "Auzeni azimwa ndi madzi ambiri," mphunzitsiyo ananong'oneza Telala. "Masiku oyamba savuta kwenikweni."

"Muwauze ndinu, aphunzitsi," anatero Telala akutola batani pansi. "Inu muli ndi satifiketi."