Dzina la Gilson

Sindinauzepo munthu kuti ndinawaona Atate akutuluka m'baisikopo. Linali Loweruka masana, ine ndili pamzere wa mafuta ophikira mu Cairo Road. Kunyumba anatsanzika kuti akukazonda wodwala ku Libala. Anatuluka chipewa chitaphimba maso, nakhala pansi m'mbali mwa msewu ngati woledzera. Ndinabisala kumbuyo kwa mayi wina mpaka Atate ananyamuka.

Filimuyo inali pakamwa pa aliyense kwathu ku Kabwata. Inali ya asilikali akale amene anabwera kunkhondo n'kupeza palibe wowakumbuka, ndiye anayamba kusaka mmodzimmodzi akuluakulu amene anawanamiza. Wolemba m'nyuzipepala anainyoza kotheratu. Anati ndi zinyalala zakunja zophunzitsa ana kubwezera, zosemphana ndi umunthu umene Chipani chimatiphunzitsa. Anaseka makamaka pamene msilikali wina amakwawira pansi pa tebulo chitseko chikamenyeka. "Ndani anaonapo mwamuna wamkulu akutero?" analemba choncho.

Ine ndinamuonapo. Atate anamenya nkhondo ku Burma, ndipo kwathu chitseko timatseka ndi manja awiri.

Mlongo wanga Gilson anakaonera filimuyo ndi anzake, osabisa n'komwe, ndipo wina anakanena kutchalitchi, kumene baisikopo ndi yoletsedwa. Mumpingo mwathu mkulu ndiye amapereka dzina la wolakwa wa m'dera lake, ngakhale akhale mwana wake wobala yekha. Mkulu wa dera lathu ndi Atate. Dzina likaperekedwa, Gilson achotsedwa m'kalasi ya katekisimu, ndipo anzake onse akalandira Mgonero woyamba iye ali pabenchi yakumbuyo.

Ba Wilbroad, oyandikana nafe, anabwera nayo nyuzipepala ija akuikupiza.

"Shani, ba Mvula! Mwaona vamene alemba? Ati ni mabodza yekayeka. Imwe munaliko kunkhondo, tiuzeniko, munali kugona pansi pa tebulo?"

Anaseka mpaka kugwira mpanda. Atate anasekako pang'ono.

"Za baisikopo ine sindizidziwa, ba Wilbroad."

Gilson anali pakhonde akupukuta nsapato. Anadzutsa mutu.

"Koma Atate, si mabodza onse. Mdala uja wa mufilimu amachita ndendende ngati..."

"Chete iwe! Mawa dzina lako ndikalipereka."

Gilson anapitiriza kupukuta nsapato yomweyo, yowala kale. Pambuyo pake anandiuza kuti akachotsedwa m'kalasi sadzapondanso kutchalitchi, ndipo ndimamudziwa, sanena zocheza.

Ine ndine wamanyazi. Ngakhale kusukulu sindinkakweza dzanja yankho ndikulidziwa. Ndinkaopanso kuti ndikalankhula, Atate adzadziwa kuti mwana wawo wamkazi anawaona atakhala pafumbi pakati pa tauni. Nanga adzandiyang'ananso bwanji?

Lamulungu m'mawa Atate anavala jekete lawo lakuda la ukulu, nakhala pampando kudikira tiyi. Amayi anandituma ndi madzi osamba m'manja. Ndinagwada, ndinayamba kuwathirira. Anasamba, anasambabe, madzi mpaka kutha m'jagi, ine maondo akuwawa pasimenti.

"Keziah, madzi atha. Ukudikira chiyani?"

Mawu anga anatuluka aang'ono moti anachita kuwerama kuti amve.

"Atate, mukakapereka dzina la Gilson, mukaperekenso lanu. Ndinakuonani Loweruka lija pakhomo la baisikopo."